Kuchoka kuchipatala kukaphunzitsa ma PA ku America: maola anu ndi chiwerengero cha anthu

Munthu amene wagwira ntchito ya physician assistant (PA) kwa zaka zingapo ku America akaganiza zokaphunzitsa ku yunivesite, mantha ake amakhala pa kalasi: ndikaima bwanji pamaso pa ophunzira, ndikawauza chiyani? Komatu kalasi sichedwa kuzolowereka. Amene wakhala akufotokozera odwala za matenda a shuga tsiku ndi tsiku sangalephere kufotokozera ophunzira. Chimene chimagwetsa anthu pa ntchito imeneyi ndi kuwerengera. Pali kuwerengera maola anu, amene sukulu imawadya onse mukapanda kuwatchinjiriza. Ndiye kwa ofuna kafukufuku, pali kuwerenga ma PA enieniwo, chifukwa ntchito yawo yambiri sioneka m'mabuku amene boma ndi makampani a inshuwalansi amasunga.

Kwa amene sakuidziwa bwino ntchitoyi, PA, monga amamutchulira mwachidule, si dokotala ndiponso si namwino. Amaphunzira zimene madokotala amaphunzira koma mofupikitsa, kwa miyezi pafupifupi 27, n'kutuluka ndi digiri ya masitazi. Amaona odwala, amalamula zoyeza, amapeza matenda, amalemba mankhwala ndi kuthandiza pa opaleshoni, mogwirizana ndi dokotala malinga ndi malamulo a chigawo chimene akugwiramo ntchito. Amene anatsegula sukulu yoyamba ndi Eugene Stead ku Duke University mu 1965. Anayamba ndi anthu anayi omwe ankagwira ntchito zachipatala m'gulu la asilikali apamadzi, ndipo atatu anamaliza pa 6 October 1967. Mu 1969 Richard Smith anayambitsa ina yotchedwa MEDEX ku University of Washington, maso ake ali pa madera akumidzi. Lero sukulu zovomerezeka zapitirira 300, ma PA okhala ndi satifiketi ndi oposa 170,000. Sukulu zachuluka msanga kuposa aphunzitsi ake, choncho kulowa n'kosavuta kwenikweni. Kukhalitsa ndi kukwera ndiye nkhani ina.

Mwini kalendala yanu ndi ARC-PA

Musanasaine chilichonse, werengani malamulo a ARC-PA, bungwe lovomereza sukulu za ma PA. Linayamba kudziimira palokha mu 2001, ndipo sukulu ikapanda chilolezo chake, ophunzira ake saloledwa kulemba mayeso a dziko lonse. Ndiye chimene bungweli lafuna chimabwera patsogolo pa kafukufuku wanu nthawi zonse. Kope lachisanu la malamulowa, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, linati sukulu ikhale ndi mkulu wake, dokotala woyang'anira maphunziro achipatala, ndi aphunzitsi okhazikika okwana atatu a nthawi yonse, awiri mwa iwo akhale ma PA amene satifiketi yawo ikugwira ntchito. Malamulowa amakonzedwanso pakapita zaka, choncho tengani kope latsopano. Koma taonani nambala imeneyo, atatu. Sukulu imene ikukhalira pa malire omwewo, mmodzi akangochoka maphunziro ake amagawidwa kwa otsala sabata yomweyo. Pofunsidwa mafunso a ntchito, nanunso funsani: aphunzitsi alipo angati, ophunzira angati, ndipo achokapo angati m'zaka zitatu zapitazi?

Chaka choyamba ophunzira amakhala m'kalasi. Chachiwiri amazungulira m'zipatala kwa maola pafupifupi 2,000, ndipo magawo 7 ndi okakamiza: family medicine, internal medicine, matenda a ana, umoyo wa amayi kuphatikizapo oyembekezera, opaleshoni, odwala mwadzidzidzi, ndi matenda a maganizo. Chitani masamu ake. Ophunzira 40 kuchulukitsa ndi magawo 7 ndi malo 280 pa chaka, osawerengera magawo amene wophunzira amasankha yekha. Malo aliwonse amafuna preceptor, yemwe ndi dokotala kapena PA wovomera kuyenda ndi wophunzira kwa masabata angapo. Amafunanso mgwirizano wosainirana pakati pa yunivesite ndi chipatalacho, umboni wa laisensi ya preceptor uja, ndi wina wopita kukaona ngati wophunzira akuloledwadi kugwira odwala kapena akungoima pakona. Malo a ana ndi a amayi ndiwo amasowa kwambiri, poti amalimbiranidwa ndi ophunzira udokotala komanso ophunzira ntchito ya nurse practitioner (namwino wamaphunziro apamwamba amene amaona odwala ndi kulemba mankhwala). Preceptor akasintha maganizo Lachinayi pomwe wophunzira ayenera kuyamba Lolemba, foni imalira kwa mphunzitsi woyang'anira chaka chachiwiri. Udindo umenewu ndi wolemekezeka, sukulu singayende popanda iwo, koma munthu wofuna kafukufuku asauvomere m'zaka zake zoyamba. Ulibe tsiku limene mungatseke chitseko n'kukhala pansi.

Mapeto a zonsezi ndi mayeso a dziko lonse aja, otchedwa PANCE, amene amakonzedwa ndi NCCPA, bungwe lopereka satifiketi kwa ma PA. Ali ndi mafunso 300, m'zigawo zisanu za mafunso 60, chigawo chilichonse ola limodzi. Wokhoza amayenera kupeza 350 pa muyezo woyambira 200 kufika 800. Sukulu iliyonse imayenera kuika poyera kuti ophunzira ake angati anakhoza ulendo woyamba. M'kalasi ya anthu 30, wophunzira mmodzi amanyamula maperesenti oposa atatu, ndiye atatu akalephera sukulu yatsika kufika pa 90 peresenti. N'chifukwa chake kukokera ophunzira otsalira kumadya maola ochuluka amene salembedwa pa ndandanda ya aliyense.

Luso limodzi limene wochokera kuchipatala alibe ndi kulemba mafunso a mayeso. Funso labwino limayamba ndi nkhani ya wodwala, limafunsa chinthu chimodzi, ndipo wodziwa amatha kuliyankha ataphimba mayankho. Mayeso akatha, kompyuta imapereka manambala awiri pa funso lililonse: kuti ndi angati alikhoza, ndiponso point-biserial, yosonyeza ngati amene akhoza funsolo ndi omwenso akhoza mayeso onse. Nambala yachiwiriyi ikatsika pansi pa ziro, ndiye kuti ophunzira akhama alilephera kuposa ofooka. Nthawi zambiri vuto silikhala la ophunzira. Mwina yankho linalowetsedwa molakwika, mwina mayankho olondola ndi awiri, mwinanso zimene munanena m'kalasi zikusemphana ndi za m'buku.

Palinso lipoti lodziunika lomwe ARC-PA imafuna. Sukulu zambiri zimapunthwa pa chinthu chimodzimodzi: zimasonkhanitsa matebulo a manambala koma osasonyeza kuti manambalawo anawasanthula bwanji, anapeza chiyani, ndipo anasintha chiyani. Wofuna kuphunzira kafukufuku apemphe kulowa mu komiti imeneyi, chifukwa ndi m'menemo momwe angazolowere kufunsa manambala mafunso. Chenjezo lake n'lakuti zimene mwasonkhanitsa pofuna kukonza sukulu simungangozitumiza ku magazini. Pitani kaye ku IRB, komiti yoona za chitetezo cha anthu ochitidwa kafukufuku, ikupatseni kalata musanayambe kusanthula.

Zimene muyenera kulembetsa pa pepala

Mayunivesite a ku America ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Ya tenure imakupatsani zaka pafupifupi 6 kuti muonetse zimene mwasindikiza ndi ndalama za kafukufuku zimene mwabweretsa. Mukapambana mwakhazikika, mukalephera mumachoka. Inayo, imene ambiri amaitcha clinical track, imayenda ndi kontrakiti ya chaka chimodzi kapena zingapo, ndipo imayang'ana kwambiri kaphunzitsidwe. Maudindo ndi omwewo: instructor, assistant professor, associate professor, kenako pulofesa. Palibe njira yoposa inzake, koma kulowa ya tenure mutasenza katundu wophunzitsa wa njira inayo ndi kudzikola nokha. Pemphani chikalata cha malamulo okwezera anthu pa udindo musanavomere ntchito, ndipo muone ngati chimawerengera kafukufuku wa kaphunzitsidwe mofanana ndi kafukufuku wina. Sukulu ya ma PA imene ili pansi pa sukulu ya madokotala imayezedwa ndi muyezo wosiyana ndi imene ili pa koleji yaing'ono.

Kalata ya ntchito imagawa nthawi yanu m'maperesenti. Tiyerekeze kuti yati 20 peresenti ndi ya kafukufuku. Pa sabata ya maola 40, amenewo ndi maola 8, tsiku limodzi lathunthu. Akamwazikana, ola pano theka la ola uko, pakati pa msonkhano ndi wophunzira wogogoda pachitseko, palibe chimene chingalembedwe. Pemphani kuti likhale tsiku lodziwika ndi dzina, lolembedwa m'kalatayo, ndipo pa tsikulo musapezeke mu ofesi. Muwerengerenso nyengo yosankha ophunzira atsopano, pamene mafomu ochokera ku CASPA, njira imene ofuna malo amafunsirako, amabwera mazanamazana kapena masauzande, onse ofunika owerenga. Aphunzitsi ambiri amasunga tsiku limodzi pa sabata loona odwala, ndipo n'chanzeru, pakuti luso silizilala ndipo malipiro a ku yunivesite kawirikawiri amachepa poyerekeza ndi a kuchipatala. Koma tsiku la odwala si tsiku la kafukufuku. Musalole kuti awiriwa aphatikizidwe. Satifiketi yanu nayo imafuna makirediti 100 a maphunziro opitiriza pa zaka ziwiri zilizonse, ndi mayeso pa zaka 10 zilizonse.

Za digiri yapamwamba ndinene mosazungulira. DMSc (Doctor of Medical Science), imene University of Lynchburg inayamba kupereka kwa ma PA mu 2017, komanso DHSc (Doctor of Health Science), zimatheka munthu ali pa ntchito ndipo zimathandiza pa utsogoleri. EdD, digiri yapamwamba ya zamaphunziro, imathandiza wofuna kuzama pa kaphunzitsidwe. Koma wofuna kutsogolera kafukufuku wa ogwira ntchito zachipatala ndi kupikisana pa ndalama za boma amafunika PhD kapena DrPH (digiri yapamwamba ya umoyo wa anthu) ya kafukufuku wa ntchito zachipatala, kafalidwe ka matenda kapena za chuma. Chofunika si zilembo za kumapeto kwa dzina ayi, koma maphunziro a masamu a ziwerengero ndi mlangizi amene akuchitadi ntchitoyo.

Kodi ma PA alipo angati, ndipo akuchita chiyani?

Funsoli limaoneka lophweka mpaka mutayesa kuliyankha. Tiyerekeze dera lina lili ndi malaisensi 10 a ma PA. Awiri anapuma pa ntchito koma laisensi sanaitaye. Mmodzi amakhala m'deralo koma amagwira ntchito kutsidya kwa malire. Atatu amagwira theka la sabata. Otsala anayi ndiwo a nthawi yonse. Pa pepala ndi anthu 10, koma ntchito imene odwala akulandira ndi ya anthu 5.5. Kafukufuku aliyense anene poyera kuti akuwerenga mitu, malaisensi, malo a ntchito, kapena maola, chifukwa zinayi izi sizifanana.

Nkhokwe iliyonse ya ziwerengero ili ndi zimene imalephera kuona. Bureau of Labor Statistics, nthambi ya boma ya ziwerengero za ntchito, imafunsa olemba anthu ntchito, ndiye imawerenga malo a ntchito osati anthu. Wogwira malo awiri angawerengedwe kawiri. American Community Survey, kafukufuku wa boma wa m'makomo, imadalira zimene munthu wanena yekha, ndipo m'gulu la ma PA mumalowa anthu amene kwenikweni ndi medical assistant, ntchito ya maphunziro ochepa ndi malipiro ochepa. Mukapanda kusefa poyang'ana maphunziro awo, malipiro a ma PA amaoneka otsika kuposa momwe alili. Kaundula wa NPI, nambala imene aliyense wopereka chithandizo amakhala nayo, ndi waulere ndipo ali ndi aliyense, koma adiresi amalemba mwini wake ndipo ambiri saisintha akasamuka. Kaundulayu amasonyeza PA ndi chizindikiro 363A00000X, ndi tizigawo tiwiri ta zamankhwala ndi za opaleshoni, basi. Sakuuzani ngati munthuyo ali ku matenda a mtima kapena a khungu. Ndipo PA amatha kusintha gawo popanda kubwerera ku sukulu, moti wa mafupa chaka chino angakhale wa odwala mwadzidzidzi chaka chamawa. Ochita kafukufuku amayerekeza gawo lake poona madokotala amene amagwira nawo malo amodzi, kapena amadalira malipoti a NCCPA, amene amatuluka chaka ndi chaka kuchokera pa zimene ma PA okha amalemba. Malipoti amenewa ndiwo amasonyeza kuti pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse ndi akazi, ndipo amene ali pa chithandizo choyambirira ndi pafupifupi mmodzi mwa anayi okha, ngakhale ntchitoyi inayambika pofuna kutseka mpata umenewo.

Dzenje lalikulu lili m'mabilu a Medicare, inshuwalansi ya boma yolipirira makamaka okalamba kuchipatala. Lamulo la Balanced Budget Act la 1997 linakhazikitsa kuti ntchito ya PA izilipidwa 85 peresenti ya mtengo wa dokotala. Koma pali njira ina yotchedwa incident to. Ngati wodwalayo ndi wakale, dokotala anakonza kale ndondomeko ya chithandizo chake, ndipo akuyang'anira monga malamulo amanenera, chipatala chaching'ono chingatumize biluyo m'dzina la dokotala n'kulandira 100 peresenti. Ndani angasiye 15 peresenti? Zotsatira zake n'zakuti wodwala waonedwa ndi PA, wapimidwa ndi PA, koma pa bilu pali nambala ya dokotala. Wofufuza wongowerenga mabilu amachepetsa ntchito ya ma PA n'kukuza ya madokotala. Choipirapo, akamayerekeza magulu awiriwa kuti aone amene odwala ake amachira bwino, m'gulu la madokotala muli kale odwala a ma PA, ndiye kusiyana kulikonse kumafufutika. Kuyambira mu January 2022 ma PA amaloledwa kutumiza bilu ku Medicare ndi kulandira ndalama mwachindunji, koma njira ya incident to sinathe.

Pali njira zolambalalira dzenjeli. Ina ndi kuyang'ana mankhwala: pepala la mankhwala limanyamula nambala ya amene walembadi, ndiye ngati bilu ya tsikulo ili m'dzina la dokotala koma mankhwala a tsiku lomwelo analemba ndi PA, mwadziwa amene anali m'chipindamo. Njirayi imaona maulendo okhawo amene panalembedwa mankhwala, ndipo zimenezi muyenera kuzinena m'pepala lanu. Ina ndi kupita kumene mabuku amasonyeza yemwe amasamala wodwala aliyense, monga zipatala za asilikali opuma za Veterans Affairs. Kafukufuku wa Perri Morgan wa ku Duke ndi anzake, wofalitsidwa mu Annals of Internal Medicine mu 2018, anagwiritsa ntchito mabuku amenewa ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa kayendedwe ka matenda a shuga pakati pa odwala osamalidwa ndi madokotala, ma nurse practitioner ndi ma PA. Ngakhale pamenepo funso loyamba la aliyense wounika pepala lanu limakhala lomweli: kodi odwala ovuta kwambiri sanapatsidwe kwa madokotala? Mukhale ndi yankho lake m'masamu anu, osati m'mawu okha.

Ngakhale boma poyeza kusowa kwa chithandizo limawadumpha. Dera limatchedwa losowa chithandizo choyambirira, HPSA, likakhala ndi anthu 3,500 kapena kuposerapo pa dokotala mmodzi, ndipo powerengerapo ma PA salowamo. Madera awiri okhala ndi nambala yofanana angakhale osiyana kutalitali, lina lili ndi ma PA asanu lina lilibe n'mmodzi yemwe.

Apa pali chinthu chofunika kuchinena mosabisa. PA wofufuza za ma PA amafuna kuti zotsatira zikomere ntchito yake, ndipo owerenga amadziwa zimenezo. Mankhwala ake ndi kulemba ndondomeko yosanthulira musanaone zotsatira, kugwira ntchito ndi madokotala, anamwino ndi akatswiri a za chuma, ndiponso kusindikiza ngakhale zimene sizikukomerani. Kafukufuku wolembedwa ngati kampeni sasintha lamulo lililonse, ndipo amaipitsa mbiri ya amene akubwera pambuyo.

Zolosera za m'tsogolo muzizitenga mosamala. Mu 1980 komiti ya boma yotchedwa GMENAC inalosera kuti pofika 1990 America idzakhala ndi madokotala 70,000 oposa ofunika. Anthu anayamba kukayikira ngati ma PA adzafunikanso. Pofika 2006 bungwe la sukulu za madokotala la AAMC linali likupempha kuti malo a ophunzira udokotala awonjezedwe ndi 30 peresenti poopa kusowa. Masamu sanali olakwika, zimene zinasintha ndi zongoganizira zimene masamuwo anakhalirapo: maola amene munthu amagwira, msinkhu wopumira, kukalamba kwa anthu, ndi ntchito imene PA angalandire kuchokera kwa dokotala. Polosera, onetsani njira zingapo ndipo munene chongoganizira chimene chikasintha pang'ono chimagwedeza yankho lonse.

Poyambira penipeni ndi funso limodzi. Mphunzitsi watsopano amakopeka ndi zambiri, lero kutopa kwa ophunzira, mawa malipiro, mkuja madera akumidzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Komiti yokweza anthu pa udindo imafuna kuona mapepala olumikizana, oti munthu wakunja akawawerenga anene kuti uyu ndi katswiri wa chakuti. Anthu ngati James Cawley ndi Roderick Hooker anadziwika chifukwa chokhala pa nkhani imodzi ya ma PA ndi ntchito yawo kwa zaka makumi angapo.

Ambiri amayamba ndi kutumiza mafunso pa imelo, poganiza kuti ndiyo njira yachidule. Ndiyo imakhumudwitsa kwambiri, chifukwa oyankha amakhala ochepa, ndipo amene ayankha ndi okondwa kwambiri kapena okwiya kwambiri. Bwino kuyamba ndi zimene zilipo kale zaulere: Medical Expenditure Panel Survey (MEPS) ya AHRQ, Area Health Resources Files ya HRSA (onse awiri ndi mabungwe a boma a zaumoyo), kaundula wa NPI, ndi malipoti a PAEA, bungwe la sukulu za ma PA. Pa MEPS ndi American Community Survey musaiwale kuika ma survey weight (manambala osonyeza kuti wofunsidwa aliyense akuimira anthu angati) mu pulogalamu yanu yosanthulira monga R, Stata kapena SAS, apo ayi manambala anu akunena za anthu ofunsidwa okha osati za dziko. Mabilu athunthu a Medicare amafuna pempho kudzera ku ResDAC (ofesi yothandiza ofufuza kupeza mabiluwa), mgwirizano wa kasungidwe kake, ndalama, ndi miyezi yodikira, choncho si a pepala loyamba. Pofufuza zimene ena analemba kale, lembani mayina onse awiri, physician assistant ndi physician associate, pakuti bungwe la ma PA la AAPA linavomereza dzina lachiwirili mu 2021 ndipo ku Britain linagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri.

Ndalama zoyambira zimachokera ku yunivesite yanu ndi ku PAEA, ndipo ndi zochepa, zokwanira kulipira katswiri wa ziwerengero maola angapo. Muzigwiritse ntchito pa chimenecho. Zikuluzikulu zakhala zikuchokera ku HRSA, imene imathandiza malo ofufuza za ogwira ntchito zachipatala pa mayunivesite angapo, ndi ku AHRQ. Thandizo la ofufuza oyamba kumene lotchedwa K, lochokera ku NIH, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo, limafuna kuti 75 peresenti ya nthawi yanu ikhale ya kafukufuku, ndiye mkulu wa sukulu ayenera kudziwa chaka chisanafike kuti apeze wotenga makalasi anu. Njira yofulumira kwa ambiri ndi kulembera malo ngati Sheps Center ku University of North Carolina kapena Center for Health Workforce Studies ku University of Washington, n'kudzipereka kuthandiza pa ntchito imene ili kale m'kati. Iwo ali ndi nkhokwe ndi akatswiri a masamu. Inu mukudziwa chimene chimachitika m'chipinda choonera odwala ndi mmene bilu imalembedwera, zimene iwo amazifuna.

Pepala likatha, magazini a ma PA, Journal of Physician Assistant Education ndi JAAPA, ndi nyumba zake zachibadwa, koma opanga malamulo amawerenga kwambiri magazini ngati Health Affairs ndi Medical Care, choncho nkhani ya chiwerengero cha ogwira ntchito iyambe yayesedwa kumeneko. Akaibweza kuti mukonze, yankhani mfundo iliyonse payokha m'kalata, musonyeze tsamba ndi mzere umene mwasintha, ndipo pamene simukugwirizana nawo perekani chifukwa chake ndi manambala. Akaikana, itumizeni kwina sabata yomweyo. Kuchokera pa kutumiza kufika pa kusindikizidwa pamatha kudutsa chaka, ndiye amene adzaunikidwa m'chaka cha 6 ayenera kukhala atatumiza mapepala ake ofunika chaka chachinayi chisanathe.